Nkhukundembo ya Apongozi Itasiya Kuyankha

Nditakwatira ku Mphuka ndinapeza pakhomo pali anthu atatu: mkazi wanga, amayi ake, ndi nkhukundembo. Mbalameyo ndaiwerengera pa anthu chifukwa ndi pamene ndinaipeza, ndipo pa ulemu inali pamwamba panga. Ine ndinali mkamwini, munthu wobwera ndi njinga ndi malaya awiri. Iyo inali ya pakhomo. Apongozi anga aamuna anaigula kutsidya, ku Zumbo, ikadali kamwana, n'kuiwolotsa pabwato ili m'chipewa. Iwo atamwalira, mbalameyo inatenga mpando wawo. Sindikuphiphiritsa ayi, ndikunena mpando weniweni wa chikopa cha mbuzi umene unkakhala pansi pa mtengo wa masau. Inkakwerapo m'mawa uliwonse n'kumayang'ana anthu opita kumadzi, ndipo wodutsa osapereka moni inkamuperekeza mpaka kumalire a munda.

Inali yaimuna, ndipo kukula kwake musandifunse. Ikatambasula mchira, mthunzi wake unkakwana anthu awiri ndi mbuzi yabere. Amene akuti ndawonjezera akafunse zidzukulu za mbuziyo, zikadalipo.

Tsono kwathu kuno mkamwini ndi apongozi aakazi sayang'anana kumaso, sadyera pamodzi, ndipo salankhulana. Mukakumana panjira wina amapatukira kutchire, ndipo wopatukayo nthawi zonse amakhala mkamwini. Minga ya pakati pa nyumba yathu ndi mtsinje ndimaidziwa umodziumodzi. Makomo ambiri anazisiya kale zimenezi, kuli akamwini masiku ano amene amatumizira apongozi awo zithunzi pa foni. Osati kwa apongozi anga. Iwo mwambo ankaugwira mmene munthu amagwirira nkhafi akalowa pakati pa mvuu. Mawu onse a pakati pathu ankadutsira mwa mkazi wanga, ndipo zinkayenda.

Zinayenda mpaka mimba yake yoyamba itakula. Anamwino anamuuza kuti akadikirire pafupi ndi chipatala ku Katondwe, chifukwa msewu wathu uli ndi njovu, ndipo njovu simva zoti munthu ali pa changu. Anapita kukakhala kwa amayi ake aang'ono kumeneko. Apongozi anatsala, ati nkhukundembo sangaisiye m'manja mwa munthu wobwera. Ndiye pakhomo tinatsala anthu awiri amene sangauzane olo kuti nyumba ikupsa.

M'mawa woyamba, ndikadali m'nyumba, ndinamva mawu panja.

"Iwe, ukawauze alendo a m'nyumba umo kuti madzi a kumaso ali kuseri."

"Kulukulukulu!" inatero nkhukundembo.

Amene anawetapo mbalameyi akudziwa kuti yaimuna imayankha phokoso lililonse. Mukatsokomola imayankha, nkhwangwa ikalira imayankha. Ndinatuluka, ndinagwada kutsogolo kwa mpando, nkhope nditalozetsa kumbali.

"Akulu, mukawauze kuti ndathokoza, ndipo agona bwanji?"

"Kulukulukulu!"

"Ukawauze kuti msana chabe," apongozi anatero ali kuseri kwa nkhokwe.

Basi, boma linakhazikika. Lamulo linali limodzi: mawu amene mbalame yayankha afika, amene sinayankhe sanafike, olo atamveka mpaka kutsidya, ku Kanyemba. Ndinene zoona, inkagwira ntchito bwino kuposa mkazi wanga. Iye ndikamutuma kuti ndiwo zachepa mchere, kwa amayi ake zinkafika kuti ndakhuta. Mbalame sinkachotsa, sinkawonjezera. Tinakambirana nayo za mbewu, za mbuzi zolowa m'dimba, ngakhale za ndale, ndipo palibe tsiku limene inatenga mbali.

Inadwala mu Okutobala, mwezi umene kuno nsomba zimatuluka mu Zambezi zitapsa kale mbali imodzi, msodzi n'kungotembenuza. Ndadyapo, ng'ona indigwire ngati ndikunama. Tsiku limenelo mbalame sinakwere pampando. Inaima pansi mapiko ali lende, nkhope itatupa pansi pa maso onse awiri ngati yabisamo masau. M'maso munali thovu. Kanyama kofiira kaja kolendewera pamlomo kanali katayera ngati phulusa.

"Iwe," apongozi anatero, "ukawauze kuti phala lili pamtondo."

Mbalame inakweza mutu, inatsegula mlomo. "Tsi."

Kuyetsemula chabe. Tinadikira. Apongozi anabwereza. "Tsi."

Ine ndinamva bwinobwino. Phalalo ndinkaliona, la mapira, lothira bwemba, fungo lake likundipeza pamene ndinakhala. Koma uthenga unali usanafike. Munthu sungadzuke kukadya phala limene sunauzidwe, ndiye kuti umamvetsera apongozi ako akamalankhula, ndipo umenewo ndi mwano. Ndinakhala. Phalalo linadyedwa ndi mbuzi, ine ndikuyang'ana, iyonso ikundiyang'ana.

Masana ndinakwera chulu cha kuseri kwa tchalitchi, pamene pamagwira netiweki mphepo ikamachokera kwabwino. Ikachokera kutsidya kwa Zumbo foni imakulonjera m'Chipwitikizi. Ndinamupeza mkazi wanga, ndinamufotokozera zonse, ndinamupempha kuti azitidutsira mawu pa foni: ine ndizimuimbira, iye aziimbira amayi ake.

"Inu bambo, muli bwinobwino? Ine pano miyendo yatupa, zala zanga za kumapazi ndinasiya kuziona, ndiye mukuti ndikhale nkhukundembo yanu? Ndipo amayi akwera chulu chimenecho ndi msana uti?"

"Manje ndichite bwanji?"

"Pitani nayo kwa a vetenale ku boma." Kenaka mawu anasintha. "Isafe, mwamva? Chimwalirire atate, amayi madzulo salankhula ndi wina koma iyo. Zimene sandiuza ine amaiuza iyo. Ikafa ine ndili kuno, sindikudziwa kuti atani."

Ndinatsika chulu ndikudziwa kuti nkhani si ya phala chabe.

Pakhomo ndinapeza madokotala atadzaza bwalo. Mudzi wathu mvula ikasowa palibe wodziwa chochita, koma mbalame ikadwala aliyense anaphunzira. Wina anati tsabola wosinja. Wina anati phulusa ndi alovera. Wina anabwera ndi makapisozi ofiira ndi akuda ogula pakantemba, kagolosale ka m'mudzi, otsala pamene mlamu wake ankadwala chilonda, ati amachiza munthu, nkhuku ndi wailesi. Msodzi wina, munthu wosaopa Mulungu, anati mbalame yodwala mankhwala ake ndi anyezi ndi tomato. Apongozi anangomuyang'ana. Tayala la njinga yake linaphulika pomwepo, njinga ili chiimire pamthunzi. Anthu analipo, sindinali ndekha.

Vuto langa linali loti ndipemphe bwanji chilolezo chonyamula wodwala, poti woti akandipemphere anali wodwalayo. Ndinagona nalo. M'mawa mwake ndinapeza mbalame ili kale pa kaliyala ya njinga yanga, itakulungidwa m'chitenje cha apongozi cha kutchalitchi, mutu wokha uli kunja, pambali atamangirira botolo la madzi ndi chimanga chokazinga. Chimangacho sindinadziwe ngati chinali changa kapena cha wodwala. Ndinadya theka.

Panjira ndinakumana ndi njovu yaimuna itaima pakati pa msewu ngati wapolisi wa pa rodibuloko. Ndinatsika, ndinaima phee monga timachitira. Njovu inayandikira, inatambasula chitamba kununkhiza katundu wanga. Mbalame inati, "Tsi." Njovu inabwerera chambuyo, inapukuta chitamba pa udzu, n'kulowa m'tchire. Chaka chimenecho minda ya mbali imeneyo sinadyedwe. Zimenezi ndimazinena pamaso pa aliyense, olo pamaliro.

A vetenale anali mayi wachitsikana wa magalasi, wolankhula mofulumira ngati wa ku Lusaka. Anaitsegula mlomo, anasinikiza potupa paja, anamvetsera pachifuwa.

"Mwaipatsako chiyani?"

"Ulemu chabe, adokotala."

"Makapisozi a anthu simunaipatse?"

"Anabwera nawo, koma sanafike pamlomo."

"Mwachita bwino. Amenewo si a mbalame, ndipo mukamapereka chiperekere tizilombo timazolowera." Anati ndi matenda a m'mphuno, tizilombo tadzaza mafinya m'masaya, ndipo pafunika antibayotiki wa mbalame. Ananditumiza kusitolo ya mankhwala a ziweto kukagula paketi ya ufa wachikasu, nditabwerako anandionetsa muyezo wake pa kasupuni. "Ikumwa madzi yokha?"

"Yakana."

"Ndiye muzisungunula, muziithira ndi sirinji iyi, yopanda singano. M'mawa ndi madzulo, pambali pa mlomo, pang'onopang'ono isatsamwe. Mumalize masiku onse amene ndakuuzani, olo iyambe kuvina. Pafunika anthu awiri, wina agwire thupi, wina mutu. Kunyumba muli angati?"

"Awiri."

"Basi, mwakwana."

"Winayo ndi apongozi."

Anavula magalasi. "Aakazi?"

"Aakazi."

Anayang'ana mbalame, anayang'ana ine, anavalanso magalasi. "Zimenezo kukoleji sanatiphunzitse, bambo. Mukaone mochitira."

Madzulo amenewo ndinayesa ndekha. Ndinaipana pakati pa mawondo, dzanja lina kumlomo, lina ku sirinji. Anthu amati wodwala alibe mphamvu, amenewo sanamenyedwepo ndi phiko la nkhukundembo. Linandipeza pakhutu, ndinamva mabelu a matchalitchi onse a m'chigwa. Mankhwala anapita pa malaya, m'diso langa ndi pa mbuzi. Malayawo mpaka lero ndi achikasu, ndipo sanagwidwepo ndi chimfine. Apongozi ankaonera pa kampata ka nkhokwe. Womutuma analibe.

Kutacha ndinapeza mphasa yakale itapachikidwa panthambi ya msau, kuchokera m'mwamba mpaka pansi, ngati chinsalu cha m'chipatala. Pakati, cha m'mawondo, anaboolapo bowo. Ndikuyang'ana choncho, pabowopo panatuluka mutu wa nkhukundembo, wotupa, wokwiya. Thupi linali kuseri, m'manja mwa apongozi. Ndinathamangira sirinji, ndinagwada mbali yanga.

Apa ndifotokoze bwino, chifukwa alipo ena amati tinaswa mwambo. Sitinaswe. Kutuma mbalame ndi kwina, kudandaulira wodwala ndi kwina. Wodwala aliyense amalankhulidwa, ndipo ngati wina kuseri kwa mphasa ali ndi makutu, umenewo si mlandu wa munthu. Ine ndinkalankhula ndi mutu, apongozi ankalankhula ndi mchira.

"Akulu, mukanakhala kuti mwagwiridwa mapiko zolimba, bwenzi zikuyenda."

"Iwe, anthu ena akukufinya pakhosi ngati akukama ng'ombe, ukungowalekerera?"

"Akulu, mutu wanu ukubwerera m'bowo. Kaya kumbuyoko akukukokani."

"Iwe, khosi uli nalo limodzi chabe. Amene sanawetepo kanthu sadziwa."

Mankhwala analowa. Ndinaona kholingo likukwera n'kutsika, ndipo ndinanyada ngati ndapha mvuu. Chakudyanso tinachipezera njira: apongozi ankachisiya pamtondo n'kuuza wodwala kuti mbuzi za masiku ano zilibe ulemu, ine n'kuchipeza mwangozi.

Tsiku lina mbalame inaphiriphitha, mwendo unatulukira pansi pa mphasa, ine n'kuugwira kuti isadzipweteke. Ndinaugwira zolimba. Kenaka ndinaona kuti miyendo iwiri ya mbalame ikuoneka bwinobwino poteropo, yonse ili pansi. Umene ndinagwira unali wofunda, wopanda mamba, ndipo unavala chibangili. Dziko linaima. Njiwa zinasiya kulira. Ndinausiya pang'onopang'ono ngati munthu wobweza dzira m'chisa.

Patapita nthawi, kuseri kunamveka mawu. "Iwe, matendawa akumeretsa mwendo wachitatu."

"Akulu," ndinatero, "adokotala ananena kuti zimachitika."

Nkhani inathera pomwepo. Ndiye ndikamati ndinaonapo nkhukundembo ya miyendo itatu musaseke, pali mboni ina, munthu wamkulu wa mu mpingo.

Masiku oyamba mankhwala sanaonetse kanthu. Kutupa kunali pomwepo, diso limodzi linatsekeka, pachifuwa panatsala fupa lokha. Madzulo ena nditathira mankhwala, mutu sunabwerere m'bowo. Unangogona m'dzanja langa, wotentha, wopepuka.  Kenaka apongozi anayamba kulankhula motsitsa, osati ndi mawu aja otumira uthenga.

"Iwe, usandichite zimenezi. Mwini wako anapita osatsanzika, iwenso? Mwana wanga ali uko, mimba yoyamba. Ine yanga yoyamba ndinabwerako chimanjamanja, yachiwirinso. Ndikauza ndani zimenezi? Iyeyo ndimuopseze? Ukafa ndizilankhula ndi mtondo?"

Mphasa inkagwedezeka pang'ono, ndipo kunalibe mphepo. Ine ndinayang'ana mutu uli m'dzanja langa.

"Akulu," ndinatero, "ku Katondwe kuli anthu odziwa ntchito yawo. Ndipo inu simufa. Ufa wachikasu ukadalipo, inenso sindikupita kulikonse."

Kuseri anamina. "Iwe, anthu ena akuti sakupita kulikonse. Apite kuti, njinga yake imeneyo?"

Kuyambira pamenepo zinthu zinayamba kutembenuka. Kutupa kunaphwa, diso linatseguka, kanyama ka pamlomo kanayamba kufiira. Inajompha mapira, inakwera pampando, inathamangitsa a katekisiti mpaka anataya nsapato. Apongozi anauza mchira kuti wachira, anthu ena akungouzunza ndi madzi owawa. Ine ndinauza mutu kuti adokotala anati timalize olo uvine. Tinamaliza masiku onse. Koma mawu sanabwerere. Ikatsegula mlomo munkatuluka mphepo chabe, ngati pampu yakutha.

Foni inalira ndili pachulu, dzuwa lili pamutu. Anali amayi aang'ono aja. Mwana wamkazi, wabadwa ndi opaleshoni, onse awiri ali bwino, kungoti akhalako kaye kuchipatala mpaka bala lipole. Chulu ndinatsika osachigunda. Ndinafika pakhomo, ndinadzigwetsa kutsogolo kwa mpando.

"Akulu! Mukawauze kuti kwabadwa mwana wamkazi! Onse ali bwino!"

Mbalame inandiyang'ana ndi diso limodzi, inatembenuka, inandiyang'ana ndi linalo. "Fff."

Apongozi anali pamtondo, munsi uli m'mwamba. Unakhala m'mwamba momwemo. Mudzi wonse unamva kukuwa kwanga, azimayi anabwera akuthamanga, nthungululu zili m'kamwa. Mnzawo wina wa kwaya anagwira apongozi paphewa.

"Anzanga, simunamve? Mwakhala ambuya!"

"Sindinamve kanthu ine."

"Ndiye ndikukuuzani ine!"

"Nkhani ya m'nyumba muno sinditola pansi ngati masau. Ili ndi njira yake. Ifika."

Misozi inali ikutsika, koma anayambanso kusinja. Mumtondo munalibe kanthu.

Ndiye mudzi wonse unazinga nkhukundembo. Tinaimba mluzu. Tinamenya khasu ndi mwala. A kwaya anaimba nyimbo ya Pasaka mu Okutobala. Wina anabweretsa njinga yamoto n'kuliza hutala mpaka batire linatha. Nthawi iliyonse ine ndinkayamba ndanena uthenga, chifukwa yankho lopanda uthenga ndi phokoso chabe. Ndinalengeza kubadwa kwa mwana wanga mpaka mawu ananditha, ndinayamba kumveka ngati wodwalayo.

Dzuwa litapendeka kunafika amalume a mkazi wanga, mlongo wawo wa apongozi, mwini mbumba, ochokera ku Kavalamanja. Nkhani inali itawapeza kudzera mwa asodzi. Munthu ameneyu ndi mbalameyi ankadana kuyambira kale, chifukwa akabwera ankaiyang'ana mmene munthu amayang'anira ndiwo. Atangolowa pabwalo ndi malaya awo ofiira, nthenga zonse zinaima, mchira unatambasuka, mapiko anakwekwereza pansi. Ndinaona mwayi. Ndi kamawu kamene kanatsala ndinati:

"Akulu, mukawauze, mwana wamkazi, onse ali bwino."

"Kulukulukulukulu!"

Apongozi anataya munsi. "Ati chiyani? Wamkazi? Mayo ine!" Nthungululu imene anaisunga kuyambira masana inatuluka yonse nthawi imodzi. Masamba otsala mumtengo anayoyoka. Mvuu zinayankha kumtsinje. Kutsidya, ku Zimbabwe, anthu anathawira m'nyumba.

Chimwemwe chathu chinatha pamene amalume anakhala pansi, ndipo anakhala pampando wa mbalame. Anati poti mwana woyamba wabadwa, nthawi yakwana yoti manyazi a pakati pa mlongo wawo ndi mkamwini athe. Mwambo wake ngwodziwika: apongozi amaphikira mkamwini nkhuku, iye n'kudya pamaso pawo, kuyambira pamenepo n'kumalankhulana.

"Nkhuku ndikagula mawa, alongo," apongozi anatero.

"Nkhuku ya chiyani, mlongo, chinthu chili apa? Mwana woyamba timuphere kankhuku? Anthu atiseka. Komanso iyi ntchito yake yatha. Mukayamba kulankhulana, izidya mapira a chiyani?"

"Yadwala imeneyi."

"Yachira. Ndaimva ndekha, m'makutu mukulirabe."

Mwini mbumba akanena, mlongo sabwereza kawiri, ndipo mkamwini sayamba n'komwe. Koma ndinagwada, ndinaomba m'manja, ndinati a vetenale anachenjeza kuti nyama ya chiweto chimene changomwa antibayotiki sidyedwa mpaka mankhwala atatuluka m'thupi. Zimenezo ananenadi.

"Amatuluka liti, akamwini?"

"Amatenga nthawi, amalume."

"Ndidikira. Ku Kavalamanja kulibe chondithamangitsa."

Anadikiradi. M'mawa uliwonse ankainyamula mbalame kuyesa kulemera, n'kuinunkhiza kunsi kwa phiko, ati akumva ngati mankhwala akadalimo. Ine ndinapita ku Katondwe, ndinamuona mwana, ndinabwerako. Apongozi sanapite. Akanachoka tsiku limodzi akanapeza nthenga. Mdzukulu wawo woyamba ankamudziwa mwa kufotokoza kwanga chabe, kudzera mwa mbalame: mphuno yotere, tsitsi lambiri, kulira kosafuna kuthandizidwa. Iwo ankafunsa zala, ankafunsa makutu, ankafunsanso zala zomwezo. Ndipo kupangana chilichonse sitikanatha, chifukwa mbalame imafuna mawu okweza kuti iyankhe, pamene amalume ankakhala pomwepo tsiku lonse, khutu lili tcheru.

M'mawa wina amalume ananunkhiza nthawi yaitali, kenaka anamwetulira. "Atuluka. Mlongo, terekani madzi." Anatenga mpeni n'kutsikira kumtsinje kukaunola pamwala umene amaukhulupirira.

Ine ndinali kuseri kwa nkhokwe ndikumata chubu cha njinga. Ndinamva mapazi. Ndinadzuka kuti ndipatuke monga mwa nthawi zonse, koma mapaziwo anandizungulira n'kuima kutsogolo kwanga. Ndinakweza maso. Kanali koyamba kuona nkhope ya apongozi anga yonse nthawi imodzi. Ndinkaidziwa zidutswazidutswa, khutu lero, chipumi mwezi wamawa. Ali ndi mphini ziwiri patsaya, ndipo maso ndi a mwana wanga enieni. Mbalame inali kukhwapa, itakulungidwa kale.

"Apongozi," anatero, akuyang'ana ine, osati mbalame, "pompani njinga. Ine kumbuyo, uyu pakati. Tikakwera lole ya nsomba pamsewu waukulu. Ndikufuna kuona mdzukulu wanga, ndipo uyu sakutsala."

Mwa chizolowezi, ndinayang'ana mbalame.

"Mwamva kapena ndibwereze?"

"Ndamva, amayi."

"Ndiye mukuyang'ana chiyani? Pompani!"

Tinadzera njira ya kuminda. Madzi anatsala akuwira pamoto. Ndinamva pambuyo pake kuti amalume anasamba nawo, n'kubwerera kwawo osatsanzika, ati banja lopanda mwambo. Nkhuku ya mwambo ija sinaphikidwe mpaka lero. Panalibenso chomasula, poti pakamwa panali patatseguka kale, ndipo patatseguka sipanatsekekenso. Tisanafike pa mlambe woyamba apongozi anali atandiuza kuti ndimalima ngati munthu wofunafuna singano, kuti ndimatafuna mokweza, kuti denga limene ndinafolera limadontha olo kulibe mvula, kuti sirinji ndinkaigwira ngati mfuti, ndiponso kuti mwana wawo akanatha kukwatiwa ndi mphunzitsi. Anali atasunga za ukwati wanga wonse, ndipo ku Katondwe n'kutali.

Ine ndinangopalasa. Pakati pathu wodwala wathu ankapuma bwinobwino, m'mphuno muli mbee, ndipo pa mfundo iliyonse imene anagwirizana nayo ankandijompha pamsana. Zipsera zilipo, wofuna ndimuvulira malaya.